Ndodo yagunda kale, mawu akubwera m'mbuyo

Chipindacho n'chaching'ono, kuseri kwa nyumba ina ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. M'makoma anakhomamo masiponji ndi mathireyi a mazira. Pazenera pali bulangete lochindikala, kuti phokoso la ana amene akusewera mpira panja lisalowe m'nyimbo.

Pakona pali ng'oma zamagetsi, timbale takuda ta labala topachikidwa pazitsulo. Mawaya ake onse akumana pa kabokosi kokhala ndi mabatani, ndipo waya umodzi wachoka pamenepo kulowera ku laputopu ili patebulo.

Amene wakhala kumbuyo kwa ng'omazo ndi mnyamata yemwe Lamulungu lililonse amanyamula kwaya yonse kutchalitchi kwawo. Lero wabwera kudzajambula nyimbo.

Wavala mahedifoni. Pulodyusa wadina batani lofiira. Kiliki yosunga liwiro la nyimbo yayamba kulira: ke, ke, ke, ke.

Ndodo yatsika.

M'chipindamo mwamveka phu wouma, mtengo pa labala. Koma m'mahedifoni, kulira kwa ng'omayo kwafika pambuyo pake. Mpata wake ndi wochepa zedi, moti mlendo sangaumve.

Manja a woimbayo aumva.

Wayesa kufulumira kuti awapeze mawuwo, iwonso asuntha. Wabweza pang'ono, kiliki yamusiya. Pofika poti agubuduze ng'oma kulowera ku kolasi, ndodo zasemphana. Wavula mahedifoni n'kuyang'ana pansi, thukuta lili kamukamu.

Pa nthawi ngati imeneyi, mawu amene amamveka m'masitudiyo ang'onoang'ono ambiri amakhala amodzimodzi: achimwene, mukutsalira.

Koma wotsalira si iye.

Ndi kompyuta.

Mpata umene khutu silikhululuka

Ojambula nyimbo amautchula mpata umenewu kuti latency. Ndi nthawi imene imadutsa kuchokera pamene ndodo yagunda kufika pamene khutu lamva. Amaiyeza m'mamilisekondi, ndipo mu sekondi imodzi muli mamilisekondi 1,000.

Kuchedwa kwa mawu sikunabwere ndi makompyuta. Mumpweya, mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza kuti mita iliyonse imadya mamilisekondi pafupifupi 3. Ngakhale ng'oma yachikopa yopanidwa m'miyendo, kulira kwake kumatenga mamilisekondi 2 kapena 3 kuti kufike kukhutu la mwini wake. Thupi la woimba linazolowera zimenezo kuyambira tsiku limene anayamba kuomba.

Vuto limayamba mpatawo ukakula.

Mu 2002, David Wessel ndi Matthew Wright a ku University of California, Berkeley, analemba kuti chida choimbira chodalira kompyuta chiyenera kuyankha pasanathe mamilisekondi 10. Makutu a anthu amasiyana, zida nazonso zimasiyana. Woimba kiyibodi amene wagwira mawu aataliatali ochirikiza kwaya akhoza kupirira kuchedwa kokulirapo osadandaula. Ng'oma ilibe chifundo chotero. Kulira kwake n'kwakuthwa, kumayamba mwadzidzidzi, ndipo dzanja limakhala litamva kale kugundako kudzera mu ndodo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Nyimbo yothamanga mabiti 120 pa miniti imapatsa biti iliyonse theka la sekondi. Woimba akamaigawa bitiyo panayi pa zimbale za hi-hat, monga zimakhalira m'nyimbo zambiri zovinitsa, kugunda kulikonse kumatalikirana ndi kunzake mamilisekondi 125. Kompyuta ikachedwa ndi 25, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 5 a mpata wonsewo latayika.

Palibe katswiri amene angaimbe momasuka pamenepo.

Ulendo wa kugunda kumodzi

Kuti tipeze pamene nthawi ikuthawira, tiyenera kulondola kugunda kumodzi, kuchoka pa ndodo kufika kukhutu.

Pansi pa labala kapena ukonde wa ng'oma iliyonse pali kachida kopyapyala kotchedwa piezo. Ntchito yake n'kusandutsa kugwedezeka kukhala timphamvu tamagetsi. Timphamvuto timathamangira ku kabokosi ka mabatani kaja, kamene amakatcha module. Module imayamba yadikira pang'ono, mamilisekondi ochepa chabe, kuti ione kuti kugundako kwafika pati. Ndi mmene imadziwira ngati munthu wamenya ndi mtima wonse kapena wangokhudza.

Ikatero imatumiza uthenga ku kompyuta. Uthengawo si mawu ayi, ndi manambala: ng'oma yakuti yagundidwa, mwamphamvu chonchi. Mphamvuyo imawerengedwa kuyambira 1 mpaka 127.

Chilankhulo chimenechi ndi MIDI, ndipo chinatuluka mu 1983. Amene anachitsogolera ndi Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ku America ndi Ikutaro Kakehashi, amene anayambitsa kampani ya Roland ku Japan. Mu January chaka chimenecho, pa chionetsero cha zida zoimbira cha NAMM, analumikiza kiyibodi ya Prophet-600 ndi ya Jupiter-6, zida za makampani awiri osiyana, ndipo zinamvana. Pa waya wa MIDI wakale, wa mano 5, uthenga wa kugunda kumodzi umatenga pafupifupi milisekondi 1. Masiku ano ma module ambiri amatumiza uthengawo kudzera pa USB. Mulimonsemo, apa nthawi yotayika ndi yochepa.

Ng'oma zamagetsi zotchuka zakale, monga Simmons SDS-V ya ku England imene inatuluka mu 1981 ndi timbale take ta ngodya 6, zinkadzipangira zokha mawu. V-Drums za Roland, zimene zinabwera mu 1997 ndi ukonde pamwamba pake, nazonso zimalira kuchokera mu module momwemo. Woimba akalowetsa mahedifoni mu module, yankho limabwera pompopompo.

Nkhani inasintha oimba atayamba kufuna mawu a m'kompyuta. Kampani ya Steinberg ya ku Hamburg, eni ake a pulogalamu yojambulira ya Cubase, inatulutsa njira yotchedwa VST mu 1996, ndipo mu 1999 njira imeneyi inayamba kulola zida zoimbira zathunthu kukhala m'kati mwa kompyuta. M'mbuyo mwake munabwera mapulogalamu monga EZdrummer ndi Superior Drummer a kampani ya Toontrack, komanso Addictive Drums ya XLN Audio, onse a ku Sweden. M'mapulogalamu amenewa muli ng'oma zenizeni zojambulidwa m'masitudiyo akuluakulu, iliyonse itagundidwa mobwerezabwereza, mofewa ndi mwamphamvu, pakati ndi m'mphepete.

N'chifukwa chake mnyamata wa ku Chilomoni, ku Area 25 kapena ku Chibavi akhoza kutulutsa m'chipinda chogona kulira kwa ng'oma zimene sangakwanitse kugula.

Koma mphatso imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi nthawi.

Pamene nthawi yambiri imathera

Kompyuta imadula sekondi iliyonse ya mawu m'tizidutswa 44,100, kapena 48,000, totchedwa ma sample. Siitumiza kachidutswa kamodzikamodzi. Imatisonkhanitsa m'magulu, gulu likadzaza n'kulitumiza ku mahedifoni. Kukula kwa gulu limeneli ndiye buffer.

Aliyense amene anakwerapo galimoto pa depoti ya Wenela amalidziwa lamulo lake: siinyamuka isanadzaze. Basi yaikulu imachedwa kudzaza, koma maulendo ake ndi ochepa. Kagalimoto ka anthu ochepa kamadzaza msanga n'kunyamuka, koma kuti anthu onse afike, dalaivala ayenera kupita n'kubwerako osapuma. Buffer yaikulu imadikiritsa mawu koma imapumitsa kompyuta. Yaing'ono imafulumizitsa mawu koma imaikhetsa thukuta kompyutayo.

Masamu ake ndi osavuta. Pa tizidutswa 44,100 pa sekondi, buffer ya 1024 imadikiritsa mawu mamilisekondi 23. Ya 512 imadikiritsa pafupifupi 12, ya 256 pafupifupi 6, ya 128 pafupifupi 3, pamene ya 64 siifika n'komwe pa 2.

Pamwamba pa manambala amenewa pamabwera nthawi ya module, ya USB, ndi ya kachida kosandutsa manambala kukhala mawu omveka. Zonse zimaphatikizana.

Mu situdiyo ya ku Chilomoni ija, pulodyusa atatsegula tsamba la zokonzera mawu, buffer inali pa 1024. Anaikweza dzulo lake posakaniza nyimbo ya munthu wina yokhala ndi mizere yambirimbiri, ndipo inangokhala pompo. Posakaniza, kuchedwa sikuvutitsa aliyense, chifukwa palibe amene akuimba. Pojambula, n'kumene kumapweteka.

Lamulo lake nali: pojambula itsitseni, posakaniza ikwezeni.

Komabe kutsitsa kuli ndi malire. Kompyuta ikalephera kudzaza gulu pa nthawi yake, mawu amayamba kuthetheka ndi kuduka. Njira yabwino ndi kutsika pang'onopang'ono. Yambani pa 256. Woimba aimbe gawo lotanganitsa kwambiri la nyimboyo, zimbale zonse zikulira. Ngati mawu ali bwino, tsikirani pa 128, kenako pa 64. Kuthetheka kukangoyamba, bwererani pamene munachokera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khomo limene mawu amatulukira

Buffer si yokha. Pakati pa pulogalamu yojambulira ndi chida chotulutsa mawu pali kapulogalamu kena kotchedwa driver, ndipo pa Windows apa ndi pamene ambiri amakodwa.

Ma driver akale a Windows, monga MME ndi DirectSound, amakwanira pomvera nyimbo ndi poonera mafilimu. Mawu amayamba azungulira m'njira zambiri za Windows asanatuluke, ndipo kuchedwa kwake kumafika mamilisekondi makumi angapo, nthawi zina kupitirira 100. Woonera filimu sadziwa n'komwe. Woimba ng'oma amagwa nazo ulesi.

Mu 1997, Steinberg inatulutsa ASIO, njira yolola pulogalamu yojambulira kulankhula mwachindunji ndi chida cha mawu. Mpaka lero, pa Windows, chinthu choyamba kuona munthu asanajambule ng'oma n'chakuti driver yosankhidwa ndi ya ASIO.

Amene ali ndi audio interface, kabokosi kolumikiza pa USB monga Focusrite Scarlett, agwiritse ntchito driver ya ASIO yochokera kwa opanga kabokosiko. Imeneyo ndiyo imakhala yachangu ndi yokhazikika. Ma module ena, monga Roland TD-17, amatha kunyamula mawu pa USB ngati interface, moti mahedifoni akhoza kulowa mu module koma akumva zochokera m'kompyuta.

Amene alibe interface asataye mtima. Pali ASIO4ALL, driver yaulere imene analemba Michael Tippach, yothandiza kuti chida cha mawu cha m'laputopu momwemo chifulumire. FL Studio, pulogalamu ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium imene achinyamata ambiri opanga mabiti anayambira, imabwera ndi driver yakeyake yotchedwa FL Studio ASIO. Ubwino wake ndi wakuti imalola mapulogalamu ena kumveka nthawi yomweyo, koma pa changu nthawi zambiri siifika pa driver ya interface. Makompyuta a Mac ali ndi njira yawo, Core Audio, imene imafulumira popanda kuikamo china chilichonse.

Zina zodya nthawi mwakachetechete

Buffer ndi driver zikakonzedwa koma ng'oma n'kumachedwabe, pali malo ena oti munthu ayang'ane.

Oyamba ndi mahedifoni opanda waya. Bluetooth imayamba yapanikiza mawu, kuwatumiza, kenako kuwamasula, ndipo kawirikawiri zimenezi zimadya mamilisekondi opitirira 100. Pojambula ng'oma, mahedifoni otchipa a waya amaposa a Bluetooth odula.

Achiwiri ndi masipika. Sipika imene ili pa mtunda wa mamita 3 imawonjezera mamilisekondi pafupifupi 9, mpweya wokhawokha. Munthu akhoza kulimbana ndi kompyuta tsiku lonse kuti apulumutse mamilisekondi 3, n'kuwataya katatu konse pongokhala kutali ndi sipika.

Achitatu ndi ma plugin okometsera mawu. Ena mwa iwo, makamaka ma limiter oyang'ana kutsogolo ndi ma EQ a mtundu wa linear phase, amayamba asunga mawu kanthawi kuti awaone bwino asanawakonze. Pulogalamu yojambulira imachedwetsa mizere ina yonse kuti ifanane nawo, ndipo ng'oma imachedwera limodzi. Ambiri amaika zida zimenezi pa master, pamene mizere yonse imakumana, nyimbo isanathe, pofuna kuti izimveka mwamphamvu. Pojambula zithimitseni. Cubase ili ndi batani lochitira zimenezi lotchedwa Constrain Delay Compensation, ndipo Logic Pro ili ndi Low Latency Mode.

Achinayi ndi odziwika bwino kwathu kuno: magetsi. Akathima, laputopu imatsala pa batire, ndipo kuti batire lisathe msanga imadzichepetsera yokha liwiro. Buffer ya 128 imene imayenda bwino m'mawa imayamba kuthetheka masana, pulodyusa n'kuikweza, ng'oma n'kuyambanso kuchedwa. Chothandiza n'kuiuza Windows kuti izigwira ntchito ndi mphamvu zonse ngakhale ili pa batire, podziwa kuti batirelo silikhalitsa, kapena kuika nthawi yojambula ng'oma pamene laputopu ili pa chaja.

Palinso Wi-Fi ndi mapulogalamu otseguka kumbuyo. Driver ya Wi-Fi yosalembedwa bwino imatha kuigwira kompyuta kamphindi, mawu n'kuduka. Pulogalamu ya LatencyMon imaonetsa driver imene ikuchita zimenezi. Nthawi zambiri kungothimitsa intaneti ndi kutseka zina zonse kumakwanira.

Chomaliza n'chosavuta kuchiphonya. Woimba akamamva mawu a module ndi a kompyuta nthawi imodzi, kugunda kulikonse kumamveka kawiri, pa-pa, kwina kutsogolo kwina m'mbuyo. Asankhe kumodzi, kwinako atseke.

Kuyeza m'malo mokangana

Mkangano wa pulodyusa ndi woimba, wakuti akutsalira ndani, ukhoza kutha ndi foni ya m'manja.

Ikani foniyo pakati pa ng'oma ndi hedifoni imodzi yokwezedwa mawu. Yatsani chojambulira. Gundani kamodzi, dikirani, gundaninso. Kenako tsegulani zimene mwajambulazo mu pulogalamu yaulere ya Audacity, n'kuzikulitsa mpaka mzere wa mawu uoneke bwino.

Pa kugunda kulikonse muona timapiri tiwiri. Koyamba ndi ndodo pa labala. Kachiwiri ndi ng'oma ya m'kompyuta. Mtunda wa pakati pake ndiye kuchedwa kwenikweni, kuphatikiza zonse, osati nambala imene pulogalamu imaonetsa yokha.

Yezani kangapo. Ngati mpatawo ukusinthasintha, pano 8 apo 15, vuto ndi lalikulu kuposa kuchedwa kokhazikika, chifukwa manja amatha kuzolowera mpata umodzi koma sangazolowere wosakhazikika. Zikatero, yambani mwalumikiza module mwachindunji pa kompyuta, osadzera pa kabokosi kogawa USB, ndipo yesani waya wina.

Njira yosalira ndalama

Si situdiyo iliyonse imene ingagule interface kapena laputopu yamphamvu mwezi uno. Mwamwayi, njira yodalirika kwambiri pa zonse siifuna kugula kanthu kupatula waya umodzi.

Kumbukirani kuti chimene kompyuta ikulandira kuchokera ku ng'oma ndi manambala. Choncho woimba sakukakamizidwa kumva mawu a m'kompyuta pamene akuimba.

Alowetse mahedifoni mu module. Nyimbo ndi kiliki zichoke m'kompyuta pa waya, zilowe mu module pa kabowo kolembedwa Mix In kapena Aux In. Mu pulogalamu yojambulira, mzere wa ng'oma ujambule MIDI koma usamveke. Woimbayo azimva ng'oma za module, zimene zimayankha nthawi yomweyo, pamodzi ndi nyimbo.

Akamaliza, pulodyusa atsegule EZdrummer kapena pulogalamu ina iliyonse, manambala aja alize ng'oma zimene akufuna. Ng'oma ya snare ikapanda kumusangalatsa, asinthe. Akafuna kulira kwa chipinda chachikulu, asankhe. Kaimbidwe ka munthu kamakhala komweko, kugunda kulikonse ndi mphamvu yake.

Chofunika kuona n'chimodzi: ngati mzere wonse wa MIDI wagwera kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono poyerekeza ndi nyimbo, ausunthe wonse pamodzi, osati kachidutswa kamodzikamodzi.

Mwa njira imeneyi, ngakhale laputopu yakale yokhala ndi buffer yaikulu imajambula ng'oma bwinobwino.

Chimene chimatayika tikalekerera

Wina akhoza kufunsa kuti n'kuvutikiranji ndi timamilisekondi, pamene pulogalamu iliyonse ili ndi batani la quantize, lokokera kugunda kulikonse pa mzere wake.

Yankho lili m'nyimbo zathu zomwe.

Manganje, reggae ya ku Chileka, nyimbo zauzimu zimene zimadzutsa mpingo wonse pamipando, zonsezi siziyenda pa mzere wowongoka. Woimba wodziwa amatsamira pang'ono kumbuyo kwa biti kuti nyimbo ikhale pansi, kapena amaikankha pang'ono pofika pa kolasi kuti mitima ikwere. Kusuntha kumeneku n'kwa mamilisekondi ochepa, ofanana kukula ndi amene kompyuta yosakonzedwa imaba.

Woimba akajambulidwa akulimbana ndi kuchedwa, zimene zatsala pa kompyuta si kaimbidwe kake, ndi kulimbanako. Pulodyusa amaona zosokonekera, amadina quantize, zonse zimawongoka. Zolakwika zimapita, ndipo kukoma kwa dzanja la munthu kumapita nazo limodzi. Pa nyimbo yotsatira, pulodyusa amaganiza kuti kuitana woimba ng'oma n'kutaya nthawi ndi ndalama, bola kungodinadina mabiti ndi mouse.

Umu ndi mmene oimba ng'oma aluso amatsalira kutchalitchi ndi kumaukwati, osamvekanso m'nyimbo zojambulidwa, pa mlandu umene si wawo.

Kukonza zimenezi kuli m'manja mwa anthu awiri. Pulodyusa aone driver, atsitse buffer, athimitse zolemera za pa master, woimba asanakhale n'komwe pampando. Woimba naye adziwe pamene pali tsamba la zokonzera mawu, adziwe kuti 128 ndi 1024 zikusiyana bwanji, ndipo asachite manyazi kupempha kuti mahedifoni alowe mu module.

Ntchito yonseyi siitha mphindi 10. Situdiyo imene imaichita nthawi zonse imajambula anthu mmene amaimbiradi, ndipo oimba ng'oma amauzana okhaokha kumene kuli situdiyo yotero.